Zisudzo: Phunziro Lomwe Linalibe Mayeso

Anzanga ophunzira akale, pamene bungwe lathu likukambirana zokonzanso holo ya pasukulu pathu, ndaona kuti ndi bwino tikumbutsane mbiri ya zisudzo m'sukulu za sekondale kuno ku Malawi, makamaka mbali ya anthu aja ankagwira ntchito kuseri kwa katani.

Zisudzo zinalowa m'sukulu zathu kudzera pakhomo la Chingerezi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linayambitsa mpikisano wa masewero pakati pa sukulu za sekondale. Cholinga chinali chakuti ana asukulu azolowere kulankhula Chingerezi pagulu mopanda mantha. N'chifukwa chake sewero lililonse linkayenera kukhala la m'Chingerezi, ndipo oweruza ankatchera khutu kwambiri pa katchulidwe ka mawu. Sukulu zinkayamba kupikisana m'madera mwawo, kenaka m'zigawo zitatu zija, ndipo zopambana zinkakumana pa mpikisano wa dziko lonse.

Poyamba ambiri ankachita masewero olembedwa kunja, koma sipanapite nthawi aphunzitsi ndi ophunzira anayamba kulemba awoawo. M'chaka cha 1976 James Gibbs anasonkhanitsa masewero a Amalawi m'buku lotchedwa Nine Malawian Plays, ndipo aphunzitsi anapeza poyambira. Nawo a Travelling Theatre a ku Chancellor College ankayendera sukulu ndi masewero awo, ndipo ambiri a ife tinaonera kwa iwo kuti sewero limatheka ngakhale pabwalo lopanda denga.

Tisaiwale kuti inali nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la 1968 loona za mabuku ndi zosangalatsa linkafuna kuti sewero liyambe laloledwa ndi bungwe la Censorship Board lisanaonetsedwe kwa anthu. Olemba anaphunzira kubisa nkhani m'nthano, m'miyambi ndi m'mbiri ya mafumu akale. Apa ndi pamene anthu a kuseri anakhala ofunika zedi, pakuti zomwe pakamwa pankaopa kunena, chovala, kulira kwa ng'oma kapena kuzima kwa nyali zinkanena, oonerera n'kumva.

M'chaka cha 1982 mnyamata wa pasukulu ya HHI ku Blantyre, Du Chisiza Jr, anapambana mpikisanowu ndi sewero lake la The Deceased's Attack. Atabwerako ku maphunziro ku America, anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, ndipo mpaka pamene anamwalira mu 1999 anaonetsa Amalawi kuti munthu angathe kudya za zisudzo. Njira yake inayambira pa siteji ya sukulu, ngati yathu yomweyi.

Nanga siteji yathuyo inali yotani? M'masiku athu tinkalumikiza matebulo a m'holo yodyera, miyendo n'kuimanga ndi zingwe kuti isatayane. Katani anali mabulangeti a ku hositelo opachikidwa pa waya. Magetsi akazima, anyamata awiri ankaima m'mbali atanyamula nyali za Tilley. Ndevu za nkhalamba zinali za khonje, imvi zinali za choko, bingu linali lata logwedezedwa kuseri. Panali wina wokhala pakona ndi pepala, wonong'oneza mawu kwa woiwala, ndi winanso wosunga katundu, amene ankadziwa kuti mkondo wa mfumu uyenera kukhala kumanja chigawo chachiwiri chisanayambe. Ine ndinali wokoka katani zaka ziwiri, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kusunga nthawi, chifukwa katani akachedwa pang'ono chabe, wakufa uja ankayenera kudzuka anthu akuona.

Zonsezi tinkazichita madzulo tikaweruka, ngati kalabu. Pa ndandanda wa maphunziro zisudzo panalibe, ndipo pa mayeso a MSCE tinkangokumana nazo ngati buku lowerenga, monga Macbeth, lomwe ena analoweza osalionapo likuseweredwa. Mphotho za mpikisano zinkapita kwa ochita bwino pa siteji ndi kwa otsogolera sewero. Maina a okhoma misomali, osoka zovala ndi olumikiza mawaya sanalembedwe paliponse, ndipo luso lawo linkachoka nawo limodzi akamaliza Folomu 4. Gulu lotsatira linkayambanso pachiyambi.

Kuyambira pamene wailesi ya kanema inatsegulidwa m'dziko muno mu 1999, ntchito za kuunikira, kujambula mawu ndi kukonza malo ochitira sewero zakhala ntchito zenizeni zolandirira malipiro. Ana amene ali pasukulu pathu lero akhoza kuzilowa ngati wina atawaphunzitsa mwadongosolo.

Choncho pempho langa kwa akuluakulu a bungwe lathu ndi ili: pokonza holo, tisangopaka penti ndi kugula mipando. Tiike siteji yokhazikika, nyali zingapo zounikira, zokuzira mawu ndi kachipinda kosungira zovala. Ndipo ife amene tinagwirapo ntchitozi, akalipentala, amagetsi ndi atelala alipo pakati pathu, tidzipereke Loweruka limodzi pa teremu kukaphunzitsa ana. Mutu umodzi susenza denga. Amene muli ndi zithunzi kapena mapepala a masewero a nthawi yanu, chonde tumizani kwa mlembi wa bungwe kuti maina a anzathu a kuseri kwa katani alembedwe tsopano.