Zovala za Alhomwe

Alhomwe a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, amene makolo awo ambiri anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, kale ankavala chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa, komanso zikopa za nyama. Akazi ankamanga mikanda m'chiuno ndi m'khosi.

Nsalu za m'sitolo zitafala, chiwondo chinasiyidwa. Lero chovala cha mayi pa msika wa Chitakale, kumaliro kapena kutchalitchi ndi chitenje ndi duku, monga m'madera ena a Malawi.

Zovala zakale zatsalira kwambiri m'gule wa tchopa. Ovina amavala zikopa ndi nthenga, ndipo ena amabereka zikwama zokhala ndi zida zaulimi, zosakira nyama, zidole ndi ziwiya zakale. Si zokongoletsa chabe: tchopa ndi gule wa nsembe, wovinidwa pothokoza mizimu ya makolo pa zokolola kapena popempha mvula. Bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi mu 2014.

Zovalazi zimaoneka bwino pa mwambo wapachaka wa bungwe la Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, kumene ambiri amavalanso nsalu ya bungwelo.