Mbiri ya Kuthandiza Olumala mwa Ntchito

Msundwe ndi malo a malonda pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji. Kale m'midzi ya kumeneko, monganso m'madera ena a Malawi, mwana wolumala kawirikawiri ankabisidwa m'nyumba. Ena ankati walodzedwa, ena ankati makolo ake analakwira mwambo. Anthu ankamumvera chisoni, koma sankayembekeza kuti angagwire khasu kapena kulowa sukulu.

Maganizo atsopano anayambira kutali. M'chaka cha 1917, ku Clifton Springs m'dziko la America, anthu owerengeka anayambitsa bungwe la luso lotchedwa occupational therapy. Luso limeneli ndilo kuthandiza wodwala kapena wolumala mwa kumzoloweza ntchito za tsiku ndi tsiku. Pa nkhondo yaikulu yoyamba, asilikali ovulala ankaphunzitsidwa kuluka ndi kupala matabwa kuti manja awo alimbenso. Mu 1952 mabungwe a maiko angapo anagwirizana, nakhazikitsa bungwe limodzi la dziko lonse.

Wophunzira luso limeneli saima pa kuyang'ana chilema. Iye afunsa chimene munthuyo afuna kuchita, ndi chimene chimletsa. Akapeza mayi wofooka dzanja, akulitsa chogwirira cha mthiko kuti mayiyo aphike yekha nsima. Akapeza mwana wosatha kukhala tsonga, ampangira mpando womchirikiza msana. Pochita izi wophunzirayo azindikira kuti nthawi zambiri chopinga si mwendo ayi, koma khomo lopapatiza, chitsime chakutali ndi mawu onyoza. Motero chisoni chake chisanduka ulemu.

M'Malawi zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1959 masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel ku Namitete, ndipo thandizo la mankhwala linayandikira anthu a kumadzulo kwa Lilongwe. Mu 1971 boma linapanga lamulo limene linabala bungwe la MACOHA. Bungweli linayendetsa fakitale yoluka nsalu ku Bangwe ndi sukulu ya ntchito za manja ku Magomero. Anthu anaona ndi maso awo kuti wakhungu ndi wolumala miyendo angathe kudya thukuta lawo. Mu 1979 kunabadwa bungwe la Malawi Against Polio, limene pambuyo pake linakhala ndi malo a Kachere ku Blantyre, kumene ovulala ndi ofa ziwalo aphunzira kuyendanso ndi kudzisamala.

Malamulo nawo anatsata njira yomweyo. Lamulo la 2012 linaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, pa sukulu kapena pa ntchito, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lina latsopano.

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kapena kuposa, pafupifupi 10 ali ndi ulumali. Ambiri a iwo akhala m'midzi, kutali ndi akatswiri, amene ali owerengeka. Chifukwa chake mphunzitsi woyamba wa mwana wolumala ndi mayi wake, ndi bambo wake, ndi nyakwawa imene imlandira pa bwalo. Banja likamlola mwanayo kutongola chimanga pamodzi ndi anzake, lachita chomwecho chimene akatswiri aphunzira m'sukulu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.