Napolo wa pa Michesi ndi Alonda a Ubongo

Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka. Madzi, matope ndi miyala zinakokolola midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. Akuluakulu anati Napolo wadutsa. Munthu wophwanyidwa mutu pa ngozi yotere sapulumuka ndi opaleshoni yokha. Ubongo umatupa kwa masiku angapo, ndipo pamafunika dokotala woulondera usana ndi usiku, kuyang'anira mpweya ndi kuthamanga kwa magazi.

M'chaka chomwecho dziko lathu linakhazikitsa sukulu yake ya madokotala, College of Medicine, ku Blantyre. M'mbuyomo udokotala ankakauphunzira kunja. Luso lolondera ubongo linali litayamba kale kuphuka mumzindawu, pa chipatala cha Gulupu. Mu 1989 Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anafalitsa Blantyre Coma Scale, muyeso wa kukomoka kwa ana odwala malungo a mu ubongo, nthenda imene ife a m'mphepete mwa nyanja timaidziwa bwino. Mu 2015 kafukufuku wa pomwepo, wa makina a MRI, anaonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ambiri mwa anawa.

Ku America, dokotala amene ndi katswiri kale amawonjezera chaka chimodzi kapena ziwiri kuphunzira chisamaliro chimenechi chokha. Kwathu kuno akatswiri a opaleshoni ya ubongo, monga Patrick Kamalo, ndi owerengeka. Namondwe wa Freddy mu 2023 anatikumbutsa kuti mapiri a ku Phalombe sanagone. Choncho mwana wathu akapempha zaka zina za maphunziro a udokotala, tisamuwerengere masiku.