Mfuti ya 303, Kuchoka kwa Msilikali Kufika kwa Mlenje

Kwa zaka mazana angapo mfuti inali gogodela: kuthira onga kukamwa, kutsendera, kuwomba kamodzi, kuyambiranso. Kenaka kunabwera zolowetsera chipolopolo kumbuyo, ndipo mu 1879 James Paris Lee, wobadwira ku Scotland, analembetsa luso lake la kabokosi kosungira zipolopolo kunsi kwa mfuti. Angerezi analitenga mu 1888. Onga watsopano wa cordite utayamba kudya timizere ta m'kati mwa mpope, fakitale ya Enfield inakumba tina tozama, ndipo mu 1895 Lee-Enfield, imene timaitcha 303, inabadwa. Dzina linakomera fakitale, koma kwa ine mwini nzeru ndi Lee.

Komabe amene anaiwumba kwenikweni ndi adani ake. Pa nkhondo ya ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, Mabunu anali alimi ozolowera kusaka, ndipo Mauser yawo inkameza zipolopolo zisanu pakamodzi. Mngerezi ankalonga chimodzichimodzi, mnzake akumuwomba ali kuseri kwa mwala. Manyazi amenewa ndiwo anabala Lee-Enfield yaifupi yotchedwa SMLE mu 1904. Mpope Angerezi anaufupikitsa kuchoka pa mainchi 30 kufika pa 25, kuti wapansi ndi wapakavalo anyamule mfuti imodzi. Anaukuta ndi thabwa mpaka kunsonga kuti usawotche dzanja, ndipo zipolopolo khumi zinayamba kulowa zisanuzisanu. Akatswiri owombera chandamale anainyoza kuti yafupika, koma matope a ku France mu 1914 anawatseka pakamwa.

Asilikali a Britain atasintha mfuti mu 1957, zakalezi zinagulitsidwa motchipa. Makampani monga Parker-Hale a ku Birmingham, ngakhalenso amisiri akumudzi, anadula thabwa lakutsogolo, kuchotsa pomangirira beneti, kufupikitsa magazini ndi kuboola chitsulo kuti pakhale galasi loyang'anira nyama. Mpope wa SMLE ukaoneka wamaliseche, dziwani kuti macheka anadutsapo.

Zimene macheka sanafufute ndi zidindo. Pa SMLE yang'anani mkombero wachitsulo kuseri kwa chowombera: pali chisoti chachifumu, chaka ndi fakitale, kaya Enfield, BSA, Lithgow ya ku Australia kapena Ishapore ya ku India. Lee-Enfield ya mtundu wa No. 4 yolembedwa U.S. PROPERTY inapangidwa ndi Savage ku America. Kamuvi ndi chizindikiro cha boma. Timivi tiwiri tokumana nsonga tikutanthauza kuti boma linaigulitsa. Yolembedwa DP ndi yophunzirira perete basi, musaiwombe.

Kwathu kuno 303 si mlendo. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Zomba anapita nayo ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu, mpaka ku nkhalango za Burma mu 1944, ndipo pambuyo pake inakhala m'manja mwa apolisi ndi alonda a nyama zakutchire. Agogo athu ambiri anabwerako osalemba kalikonse. Nchifukwa chake ndikuti zotsala m'nkhokwe za boma, makamaka zosadulidwa, zisathere ku ng'anjo. Zingapo zipite kosungira zinthu zakale, zidindo zake zilembedwe, ana asukulu aziwerenge.