Mmene bed space inakhalila golide pa UNZA

Ngati mwapatsidwa malo pa UNZA caka cino, nkhani ya kogona idzakuvutani musanaloŵe n'komwe m'kalasi. Kale sizinali conco. Yunivesiti itatsegulidwa ku Ridgeway mu 1966, ophunzila anali 312 cabe. Kampasi ya pa Great East Road itamangidwa, mahositelo oyamba anapatsidwa maina oyenelela dziko latsopano: Africa, Kwacha, President na International. Lelo onsewo timangoti ku Ruins, ndipo dzinalo silinama. Ena obwela pambuyo pake ni Soweto, October, mwezi wa ufulu wathu, na Tiyende Pamodzi, nyimbo imene Kaunda anali kukonda.

Ophunzila anaculuka kufika masauzande, koma zipinda zinatsalila kumbuyo. Apa m'pamene squatting inazika mizu: mwini bed space, wochedwa landlord, amagaŵana bedi na mnzake, kaŵili-kaŵili pomulipilitsa. Kolela itavuta mu Lusaka kuciyambi kwa 2018, boma linaletsa mcitidwewu, koma kuletsa sikuwonjezela mabedi. Ambili anathamangila ku ma boarding house a ku Kalingalinga, Kalundu na Ng'ombe. Musanasankhe kumeneko, ŵelengelani lendi, madzi, na mtunda umene mudzayenda usiku pocoka ku laibulale.