Kodi mwambo wopempha chilolezo pa intaneti unayamba bwanji?

Funso: Ndikatsegula masamba ena pa intaneti, browser imandifunsa ngati ndikulola tsambalo kugwiritsa ntchito kamera kapena kudziwa komwe ndili. Kufunsaku kunachokera kuti?

Yankho: Mizu ina ya mwambowu ili mu 1995, chaka chimene kampani ya Sun Microsystems inatulutsa Java. Chomwe chinakopa anthu chinali timapulogalamu totchedwa applet, tobwera limodzi ndi tsamba n'kuyamba kugwira ntchito m'kompyuta ya wowerenga, mwiniwake asanatiike n'komwe. Apa ndiye panagona nkhani: pulogalamu yolembedwa ndi munthu wosamudziwa ungailole kufika pati?

Poyamba a Sun anangoitsekera mumpanda wotchedwa sandbox. Applet sinkaloledwa kuwerenga kapena kulemba mafayilo, ndipo inkalumikizana ndi seva imene yachokera basi. Chitetezo chinalipo, koma ntchito zambiri sizinkatheka. Mu 1997, Java 1.1 inabweretsa siginecha ya pakompyuta: applet yosainidwa ndi munthu amene mwamukhulupirira inkapatsidwa ufulu wonse. Kunali ngati kupatsa mlendo makiyi a nyumba yonse, ndi a kuchipinda omwe, chifukwa chakuti waonetsa chiphaso. Siginecha imangonena amene walemba pulogalamu; zimene pulogalamuyo ikachite siinena. ActiveX ya Microsoft, ya mu 1996, nayonso inkadalira siginecha chomwecho.

Nzeru yolondola inabwera mu 1998 ndi Java 2, imene chitetezo chake anatsogolera Li Gong. M'fayilo yotchedwa java.policy munthu ankatha kulemba kuti applet yochokera kwakutikwakuti iwerenge foda iyi yokha, koma isalembemo kanthu. Ndikuona kuti ganizo la chilolezo chimodzi pa chinthu chimodzi silinalakwike. Cholakwika chinali amene anamusenzetsa ntchitoyo. Ndi mlembi uti wa mu ofesi amene akanatsegula fayilo ya malamulo n'kulembamo mizere ya FilePermission osaphonya chizindikiro ngakhale chimodzi? Pulogalamu ikakana kugwira ntchito, njira yachidule inali kulemba mzere umodzi wa AllPermission, umene unkagwetsa mpanda wonse. Komanso applet yosainidwa inkapezabe ufulu wonse munthu akangodina kuvomera.

Ena anganene kuti chinapha applet si zilolezo koma mabowo a mu Java momwemo. Mfundoyi ili ndi umboni: mu January 2013 unduna wa Homeland Security ku America unalangiza anthu kuzimitsa Java m'mabrowser awo, Chrome inasiya kuilandira mu 2015, ndipo Firefox inatsatira mu 2017. Koma mabowowo ankaopsa chifukwa kuseri kwa mpanda kunali kompyuta yonse, ndipo opanga mabrowser anaona kuti n'kwabwino kuti tsamba lisamaifikire mwachindunji, lizingopempha kanthu kamodzi kudzera mwa browser.

Enanso angati masiku ano anthu amangodina Allow osawerenga, ndiye chasintha n'chiyani? Zoona, ambiri sawerenga. Kusiyana kwake kuli pa kukula kwa chimene wataya. Wolola kamera mwaphuma wapereka kamera yokha, kwa tsamba limodzi lokha. Mafayilo ake sanakhudzidwe. Funsolo limabwera panthawi imene tsamba likufuna chinthucho, m'mawu omveka, ndipo chilolezocho mungachichotse podina kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa adiresi ya tsambalo.