Nkhondo ya Mpezeni ndi Mlandu wa Kuchotsa Wolamulira Wankhanza

Ana inu, pamodzi ndi inu aphunzitsi, nkhani yathu ya lero ndi ya mlandu umene akuluakulu a maiko ambiri akhala akukangana osaumaliza. Mlanduwo ndi uwu: ngati wolamulira wa dziko lina ali wankhanza, akupha anthu ndi kuwalanda chuma, kodi nkoyenera kuti dziko lina litume asilikali ake kukamchotsa? Musayese kuti funsoli ndi la kutsidya kwa nyanja kokha. Linafika kuno ku Chipata, ndipo m'chaka cha 1898 linayankhidwa ndi mfuti.

Tiyambe ndi dzina lakale la tauni yathu. Dziko lathu lisanalandire ufulu m'chaka cha 1964, Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Mwini dzinali, Leander Starr Jameson, anali dokotala ndiponso dzanja lamanja la Cecil Rhodes mu British South Africa Company. M'chaka cha 1893 iye anatsogolera nkhondo yolowa m'dziko la Lobengula, nanena kuti akupita kukatchinjiriza Amashona amene Amandebele ankawavutitsa. Koma Azungu amene anamtsata anali atalonjezedwa kale minda ndi ng'ombe. Mu December 1895 analowanso mu Transvaal ndi gulu la asilikali, ati kukapulumutsa Angelezi a ku Johannesburg m'manja mwa Paul Kruger. Kumeneko anagwidwa pa 2 January 1896. Musaiwale kuti pansi pa Johannesburg panali golide. Motero tauni yathu inanyamula dzina la munthu amene kawiri konse analowa m'dziko la eni ake atanena kuti akukapulumutsa ozunzidwa.

Tsono tibwere kwa Angoni. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, pa tsiku limene dzuwa linada. Atamwalira iye anthu ake anagawikana, ndipo gulu la mwana wake Mpezeni, litayendayenda zaka zambiri, linadzakhazikika m'dera lino cha m'ma 1870. Pano tisabise kanthu, pakuti phunziro la mbiri silikondera mtundu. Angoni a Mpezeni anali anthu ankhondo. Anagonjetsa Achewa a Mkanda, ndipo chaka ndi chaka magulu ao ankapita kukathira nkhondo midzi ya Achewa, Ansenga ndi Akunda, nkubwerako ndi ng'ombe, chakudya ndi anthu. Ambiri anathawira kumapiri. Ena anamanga malinga kuzinga midzi yao. Ogwidwawo ankasanduka Angoni, ena mwa iwo nkukwera kukhala nduna, ndipo akazi Achinsenga anachuluka m'midzi kotero kuti ana anayamwira Chinsenga, chilankhulo cha makolo a kumwera nichizilala. Komabe kwa mai amene mwana wake anatengedwa usiku, Mpezeni anali mdani woopsa, ndipo palibe mphunzitsi woona amene angauze ana ake kuti misozi ya maiyo inali yabodza.

Pakati pa Angoniwo panakhala Mjeremani wina wogula minyanga, dzina lake Carl Wiese. Iye anapeza chikalata chonena kuti Mpezeni wampatsa mphamvu pa miyala ya mtengo wapatali ya m'dziko lake. Chikalatacho chinayenda m'manja mwa anthu amalonda mpaka chinafika kwa North Charterland Exploration Company, kampani imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1895, imene inkati dera la masikweya mailosi 10,000 ndi lake. Mbiri inali itawanda ku London yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Anthu a kampaniyo atayamba kufika ndi kumanga misasa, Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndi anyamata ankhondo anaona kumene zinthu zikupita, nafuna kuwapirikitsa. Mpezeni anali atakalamba ndipo ankazengereza. Mu December 1897 Wiese ndi anzake anatumiza mau ku Nyasaland, ndiye Malawi wa lero, kuti Angoni awazinga. Mu January 1898 asilikali anafika motsogozedwa ndi Captain Brake, atanyamula mizinga ndi mfuti zachiwaya za Maxim. Mikondo ndi zishango sizikanatha kulimbana ndi zida zotere. Midzi inatenthedwa. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, naomberedwa mu February chaka chomwecho. Mpezeni anadzipereka, anakasungidwa kwa kanthawi ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, nabwezedwa kwao wopanda mphamvu, namwalira m'chaka cha 1900.

Angelezi ankanena kuti anabwera kudzapulumutsa anzao ozingidwa ndi kudzaletsa nkhondo za Angoni, kuti mitundu yofooka ipume. Kodi ananama? Sananame kotheratu. Nkhondo zija zinathadi, anthu anatsika kumapiri nalima m'zigwa mopanda mantha. Ichi nchoona, ndipo munthu wotsutsa atsamunda sayenera kuchikana.

Koma tsatani ng'ombe. Asilikaliwo anatenga ng'ombe zikwi zambiri za Angoni, ndipo sizinabwezedwe kwa Achewa ndi Ansenga amene ankati akuwatchinjiriza. Tsataninso nthaka. M'chaka cha 1899 Robert Codrington anaika likulu la North-Eastern Rhodesia pano pa Fort Jameson. Posakhalitsa msonkho wa nyumba unayamba, ndipo unagwera Mngoni ndi Mchewa yemwe. Golide wochuluka uja sanapezeke, choncho kampani inatembenukira ku nthaka: minda yabwino inapatsidwa kwa Azungu olima fodya, eni dziko napanikizidwa m'madera ochepa amene nthaka yake inaguga msanga. Anyamata anayamba ulendo wa ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho. Mwambo wa Nc'wala unaleka, ndipo unadzaukanso m'chaka cha 1980. Ndi umene mumauona ku Mtenguleni mwezi wa February. Mchewa amene anakondwa pakumva kuti Nsingo wafa anadzapeza kuti mpulumutsi wake sakuchoka, ndipo akufuna malipiro.

Palinso muyeso wina, ndipo kwa ine ndiwo waukulu. Munthu akati akulanga nkhanza, tiyenera kuona ngati amalanga wankhanza aliyense kapena amasankha. Harry Johnston, bwanamkubwa wa ku Nyasaland, anapachika Mlozi ku Karonga mu December 1895 chifukwa cha malonda a akapolo. Koma Jumbe wa ku Nkhotakota, amene doko lake linaolotsa akapolo ochuluka pa nyanja, anapangana naye ubwenzi m'chaka cha 1889, namamlipira ndalama chaka ndi chaka. Kumadzulo kwa dziko lathu, ankhondo a Lewanika ankalanda ng'ombe ndi anthu kwa Aila ndi Atonga, ndipo ukapolo ku Bulozi unathetsedwa m'chaka cha 1906. Koma popeza Lewanika anasaina pangano ndi kampani m'chaka cha 1890, palibe mzinga umene unamlozedwa. Chosiyanitsa sichinali kukula kwa nkhanza. Chinali chakuti uyu wavomera, uyo wakana.

Ndipo taonani zimene zinachitika pa 11 November 1965. Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia mosatsata lamulo, kuti Azungu ochepa apitirize kulamulira Aafirika ambiri. Pulezidenti Kenneth Kaunda anapempha Britain kuti itume asilikali kukamchotsa, nalola kuti adzere m'Zambia. Harold Wilson anakana. Dziko lomwe lija limene silinachedwe kutuma mizinga kwa Mpezeni linapeza zifukwa zambiri zosatumira msilikali ndi mmodzi yemwe kwa Smith. Onani kuti pa nthawi imeneyi ndife tinkapempha nkhondo yochotsa wopondereza. Mlanduwu suli wophweka monga kunena kuti kulowa m'dziko la eni nkoipa nthawi zonse.

Umboni wake ndi Uganda. Idi Amin analanda boma mu January 1971. M'chaka cha 1972 anathamangitsa Amwenye, nawapatsa masiku 90 okha. Anthu osawerengeka anaphedwa, ndipo mmodzi wa iwo anali Janani Luwum, mkulu wa mabishopu a Anglican, mu February 1977. Bungwe la umodzi wa Afirika, OAU, linali ndi lamulo lochokera m'chaka cha 1963 lakuti dziko lisalowerere m'nkhani za m'nyumba ya linzake. Lamuloli silinali lopusa: atsogoleri amene anangotuluka kumene m'manja mwa atsamunda ankadziwa bwino mau okoma amene Jameson ndi anzake ankabwera nawo. Koma lamulo lomwelo linasanduka chofunda cha Amin, kotero kuti m'chaka cha 1975 msonkhano wa bungwelo unachitikira ku Kampala, iye nakhala wapampando. Zambia, Tanzania ndi Botswana anakana kupitako.

Mu October 1978 asilikali a Amin analowa m'Tanzania, nalanda dera la Kagera. Julius Nyerere anawapirikitsa, koma sanaime pamalire. Ankhondo ake, pamodzi ndi Auganda amene anali kuthawa kwao, anapitirira mpaka analanda Kampala pa 11 April 1979, ngakhale Libya inatuma asilikali kukathandiza Amin. Pa msonkhano wa OAU ku Monrovia mu July chaka chomwecho, Jaafar Nimeiry wa ku Sudan ndi Olusegun Obasanjo wa ku Nigeria anadzudzula Tanzania. Mantha ao anali akuti, tikalola lero, mawa dziko lililonse lamphamvu lidzatcha mnansi wake wankhanza nkumlowera. Mbali ya Nyerere inali yakuti Amin ndiye anayamba nkhondo, ndi kuti bungwe limene limadzudzula Smith ndi boma la tsankho la South Africa koma nkukhala chete Mwafirika akamapha Aafirika anzake lataya ulemu wake.

Ine ndiona kuti mlandu wa Nyerere ndi wolimba koposa wa Brake. Anaputidwa poyamba, sanadule nthaka ya Uganda, sanabwerere kwao ndi ng'ombe koma ndi ngongole imene inasautsa Tanzania zaka zambiri, ndipo asilikali ake anachoka m'chaka cha 1981. Ngakhale zili tero, Uganda sinapeze mtendere msanga. Yusuf Lule analamulira masiku 68 okha, Godfrey Binaisa sanakwanitse chaka, Milton Obote anabwerera pa masankho okanganitsa a mu December 1980, ndipo nkhondo ina inapha anthu ambiri ku Luwero mpaka Yoweri Museveni analanda Kampala mu January 1986. Kugwetsa mtengo kumatenga tsiku limodzi. Chovuta ndi chimene chimera pachitsa.

Chaka cha 1979 chomwecho chinaonetsa kukondera kwa maiko aakulu. Mu January Vietnam inachotsa Pol Pot ku Cambodia, munthu amene boma lake linapha anthu oposa miliyoni imodzi. Koma popeza Vietnam inali bwenzi la Soviet Union, America, China ndi anzao anaonetsetsa kuti mpando wa Cambodia ku United Nations ukhalebe ndi gulu la Pol Pot. Mu September asilikali a France anachotsa Bokassa ku Central Africa, chikhalirecho France yomweyo inathandiza kulipira phwando lomveka ufumu wake m'chaka cha 1977. M'chaka cha 2003 America ndi Britain analowa mu Iraq, ati Saddam Hussein ali ndi zida zoopsa zopululira anthu; zidazo sizinapezeke, ndipo Saddam yemweyo ankathandizidwa ndi maiko a kumadzulo m'zaka za m'ma 1980 pamene ankamenyana ndi Iran. Tisaloze ena okha chala: msewu wa ku Lusaka umene lero ndi Los Angeles Boulevard unkatchedwa Saddam Hussein Boulevard, chifukwa iye anali bwenzi la boma lathu la nthawi imeneyo.

Afirika anayesa kukonza lamulo lake. Pangano lokhazikitsa African Union, limene linavomerezedwa ku Lomé m'chaka cha 2000, limalola bungwelo kulowerera m'dziko limene muli kupululutsa mtundu kapena milandu yoopsa ya nkhondo. Cholinga chake nchakuti chigamulo chikhale cha maiko onse pamodzi, chisakhale cha dziko limodzi lokhala ndi njala yake. Mu January 2017 asilikali a maiko a kumadzulo kwa Afirika analowa mu Gambia pamene Yahya Jammeh anakana kuchoka atagonja pa masankho, ndipo iye anathawa popanda nkhondo yaikulu. Koma Gambia ndi kadziko kakang'ono, ndipo olamulira ena okhala ndi asilikali ambiri sanaone mlendo pakhomo.

Aphunzitsi, phunziroli likatha khazikitsani bwalo m'kalasi. Mwana mmodzi akhale Nsingo, wina akhale mai wa m'mudzi wa Mkanda amene mwana wake anagwidwa, wina akhale Captain Brake, ndipo otsalawo akhale nduna zoweruza. Aliyense anene mlandu wake mosadulidwa mau. Musalole kuti ana a Chingoni aimire Nsingo ndi a Chichewa aimire maiyo, asinthanitseni. Ndipo nduna zisanagamule, zifunse Captain Brake kumene kunapita ng'ombe.